KUPOLETSA MABALA A MUMTIMA PAMBUYO PA CHIWEMBU CHA ZIGAWENGA: PHUNZIRO LA KU CABO DELGADO

Pa 5 Okutobala 2017, gulu la anthu okhala ndi zida linachita chiwembu pa malo a apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwa dziko la Mozambique. Kuyambira tsiku limenelo chigawochi sichinaonenso mtendere weniweni. Zigawengazi, zimene eni dera amazitchula kuti Al-Shabaab, ndipo kuyambira mu 2019 zinadziwika kuti n'zogwirizana ndi gulu la Islamic State, zatentha midzi, masukulu, zipatala ndi nyumba zopemphereramo. Zapha anthu zikwizikwi, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo pofika kumapeto kwa chaka cha 2022 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atathawa m'makomo mwawo.

Mpingo nawo unalawa nawo ululu umenewu. Mishoni ya Nangololo, imodzi mwa mishoni zakale kwambiri mu Dayosizi ya Pemba, inawonongedwa mu 2020. Usiku wa pa 6 Sepitembala 2022 zigawenga zinafika pa mishoni ya Chipene mu Dayosizi ya Nacala ndi kupha Sisitere Maria De Coppi wa chipani cha Comboni, amene anatumikira m'dzikolo kwa zaka pafupifupi 60.

Pa wailesi timamva chiwerengero cha anthu akufa ndi cha nyumba zotenthedwa. Za amene anapulumuka timamva zochepa. Anthu amenewa amafunika chakudya, madzi ndi pogona, koma alinso ndi chilonda china chimene sichioneka ndi maso. Tiyeni tione m'mene chilonda chimenechi chimakhalira, ndi zimene banja, mphakati ndi parishi angachite kuti chipole.

Chilonda chimene chiwembu chimasiya

Chigumula kapena chilala chimapha anthu, koma palibe amene amachikonza dala. Chiwembu cha zigawenga chimachitidwa ndi anthu, mwadala, ndipo cholinga chake ndi kufesa mantha pakati pa amene atsala. N'chifukwa chake zigawenga zimapha anthu poyera, abale awo akuona. Ku Cabo Delgado, ena mwa anyamata a m'magulu amenewa anali ana a m'midzi yomweyo, odziwika mayina ndi makolo awo. Munthu amene waona mwana wa mnansi wake akutentha nyumba yake amataya chinthu choposa nyumbayo: amaleka kukhulupirira anthu anzake.

M'masiku ndi m'masabata oyamba, opulumuka ambiri amasowa tulo, amalota maloto oopsa, amadzidzimuka akangomva chitseko chikumenyetseka kapena njinga yamoto ikudutsa. Ena chakudya sichilowa, ena amamva mutu, m'mimba kapena mtima kuthamanga popanda matenda ooneka. Ena amalira kosaleka, pamene ena amangoti duu, misozi osatuluka, mpaka kumadziimba mlandu kuti alibe chisoni. Alipo amene amadzifunsa usiku wonse chifukwa chimene iwo anapulumukira pamene mwana kapena mkazi wawo anafa. Zonsezi si misala, si ufiti, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi m'mene thupi ndi maganizo a munthu wabwinobwino amayankhira zinthu zoopsa.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti, m'madera amene mwakhala nkhondo, munthu mmodzi mwa anthu asanu aliwonse amakhala ndi vuto la maganizo monga kukhumudwa kwakukulu, nkhawa, kapena vuto lobwera pambuyo pa zoopsa limene madokotala amalitchula mwachidule kuti PTSD. Pafupifupi mmodzi mwa anthu 11 vuto lake limakhala lalikulu ndithu. Chiwerengero chimenechi n'chokwera, komabe chikutiuzanso kuti anthu ambiri amachira popanda mankhwala, makamaka akakhala pa malo otetezeka ndi pakati pa anthu owasamala. Apa ndi pamene pagona ntchito ya akhristu eni ake.

Thandizo la masiku oyamba

Pamene zigawenga zinalanda Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2020 ndiponso pamene zinachita chiwembu ku Palma pa 24 Malichi 2021, anthu ambiri anathawa pa mabwato ndi kukafika pa gombe la Paquitequete mumzinda wa Pemba. Ena anayenda masiku ambiri m'tchire kulowera ku Mueda, Montepuez ndi Metuge. Amene anayamba kuwalandira sanali akatswiri a za maganizo. Anali asodzi, amayi a m'makomo, achinyamata odzipereka, ansembe ndi asisitere.

Pofuna kuthandiza anthu wamba ngati amenewa, mu 2011 bungwe la WHO pamodzi ndi mabungwe a War Trauma Foundation ndi World Vision International linatulutsa buku la thandizo loyamba la maganizo. Malangizo ake amanga pa ntchito zitatu. Yoyamba ndi kuyang'ana: kodi malo ano ndi otetezeka, ndani wavulala, ndi mwana uti ali yekha, ndani wasokonezeka kwambiri moti sangathe kudzisamala? Yachiwiri ndi kumvetsera: kudzidziwitsa mwaulemu, kufunsa chimene munthuyo akusowa, ndi kukhala naye modekha. Yachitatu ndi kulumikiza: kumusonyeza kumene kuli madzi, chakudya ndi chipatala, kumuuza zoona zokhazokha za m'mene zinthu zilili, ndi kumuthandiza kupeza abale ake. Kwa mayi amene wasiyana ndi mwana wake pothawa, palibe uphungu woposa kumuthandiza kufufuza mwanayo.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchigwiritsa bwino. Kale akatswiri ankaganiza kuti opulumuka onse ayenera kusonkhanitsidwa msangamsanga kuti afotokoze mwatsatanetsatane zonse zimene anaona. Kafukufuku anaonetsa kuti njira imeneyi sithandiza, ndipo ena imawonjezera ululu, kotero WHO imalangiza kuti isamagwiritsidwe ntchito. Munthu akafuna kulankhula, timumvere mpaka atamaliza. Akafuna kukhala chete, tikhale naye chete. Tisamufunse mafunso pofuna kukhutiritsa chidwi chathu, tisamujambule pa foni, ndipo zimene watiuza zisakakhale nkhani ya pa chitsime.

Maliro opanda mtembo

Ife tikudziwa kulemera kwa mwambo wa maliro. Timagona pa siwa, timaimba usiku wonse, adzukulu amakumba manda, timaperekeza m'bale wathu, ndipo patapita nthawi timamanga chiliza. Zonsezi zimathandiza mtima kuvomereza kuti munthu wapitadi. Ku Cabo Delgado mabanja ambiri anathawa kusiya mitembo ya abale awo pa bwalo kapena m'munda. Ena mpaka lero sakudziwa ngati mwamuna kapena mwana wawo anaphedwa, anatengedwa kutchire, kapena ali mu msasa wina.

Chisoni chotere sichikhala ndi polekezera. Mayi sadziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi. M'banja limodzi, wina amafuna kuchita mwambo wa maliro pamene wina akuti kutero ndi kupha munthu wamoyo, ndipo abale amayamba kudana. Wothandiza sayenera kugamula nkhani imeneyi m'malo mwa banja. Asanene kuti "muiwaleni, anafa", komanso asalonjeze kuti adzabwera. Chimene angachite ndi kuthandiza kulembetsa dzina la wosowayo kwa a Red Cross, amene amagwira ntchito yolumikizanso mabanja, ndi kupatsa banja mpata womukumbukira poyera.

Pamenepa Mpingo uli ndi chuma chakechake. Nsembe ya Misa ingaperekedwe chifukwa cha amene anafa ngakhale palibe manda. Osowa angatchulidwe mayina m'mapemphero a okhulupirira monga anthu osowa, popanda kuwawerengera pamodzi ndi akufa. Pa 2 Novembala, pamene tikumbukira mizimu ya okhulupirira onse amene anatisiya, mabanja opanda manda okayendera angapatsidwe malo oikapo mtanda kapena kubzalapo mtengo. Dzina likatchulidwa pamaso pa anthu, banja limadziwa kuti silikulira lokha. Paja akuluakulu anati maliro n'kulirana.

Ana

Ana ambiri safotokoza mantha awo ndi mawu. Mwana amene anasiya kukodza pogona amayambiranso, wina amakakamira chitenje cha mayi ake tsiku lonse, wina amasiya kulankhula, wina amakhala wandewu. M'masewera awo mumaoneka mfuti, zikwanje ndi nyumba zoyaka. Kumenya mwana chifukwa cha zimenezi ndi kuthira mchere pa bala.

Chimene mwana amafuna koposa ndi kukhala pafupi ndi munthu wamkulu amene amamukhulupirira, ndi kuona kuti masiku ayambanso kuyenda mwa dongosolo: nthawi yodzuka, yakudya, yopita kusukulu, yosewera ndi yogona. N'chifukwa chake m'misasa ya anthu othawa, sukulu imatsegulidwa mwamsanga ngakhale pansi pa mtengo kapena mu tenti. Kalasi ya katekisimu, kwaya ya ana ndi mpira wa madzulo zimagwira ntchito yomweyo. Mwana akafunsa za bambo ake, ayankhidwe zoona m'mawu a msinkhu wake. Kumuuza kuti bambo anapita ku ulendo pamene anaphedwa kumachititsa kuti adikire pa njira tsiku ndi tsiku, ndipo akadzadziwa zoona sadzakhulupiriranso akulu. Ana ena amaganiza kuti zoipazo zinachitika chifukwa cha kusamvera kwawo, choncho ayenera kuuzidwa momveka kuti iwo sanalakwe kanthu. Tikumbukirenso kuti kuthandiza mayi kapena agogo amene akulera anawo ndi kuthandiza ana omwe, pakuti mwana amaona mantha pa nkhope ya womulera.

Obwerera kuchokera kutchire

Mu Disembala 2021 bungwe la Human Rights Watch linanena kuti amayi ndi atsikana oposa 600 anali atabedwa ndi zigawenga ku Cabo Delgado kuyambira mu 2018. Ambiri anakakamizidwa kukhala akazi a zigawengazo. Anyamata nawo anatengedwa ndi kuphunzitsidwa kugwira zida. Ena mwa anthu amenewa anathawa kapena kupulumutsidwa, koma pobwerera amakumana ndi chilango chachiwiri: anthu amawaloza zala, amawaganizira kuti ndi akazitape, ndipo ana obadwira kutchire amapatsidwa mayina onyoza.

Mtsikana amene anagwiriridwa sanachimwe. Wochimwa ndi amene anamugwirira. Mawu amenewa ayenera kumveka kuchokera pa guwa ndiponso pa msonkhano wa mphakati, popanda kutchula dzina la munthu aliyense. Wogwiriridwa afulumizitsidwe kuchipatala, makamaka pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV, ndipo chinsinsi chake chisungidwe.

Dziko la Mozambique lili ndi phunziro lakelake pa nkhani yolandira obwerera. Nkhondo yapachiweniweni itatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, limene Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira ndi gulu la Sant'Egidio anathandiza kuluka, midzi yambiri inachita miyambo yolandira ana amene anamenya nawo nkhondo. Ankawasambitsa, kutentha zovala zimene anabwera nazo, kenaka kudya nawo pamodzi. Mfundo yake inali yoti mudzi wonse uvomereze poyera kuti mwanayu ndi wathu. Mkhristu angaone yekha zimene zikugwirizana ndi chikhulupiriro chake m'miyambo yotere, koma mfundo yolandira munthu poyera ndi yathu ndithu. Kumupatsa malo mu kwaya, kumuitana ku ntchito ya mphakati ndi kudya naye mbale imodzi ndi mankhwala amphamvu.

Mudzi wonse ndi wodwala

Mu 2007 mabungwe a United Nations ndi ena othandiza pa ngozi anagwirizana malangizo a thandizo la maganizo, ndipo anawafotokoza ngati nyumba ya nsanjika zinayi. Pansi penipeni pali chitetezo, chakudya, madzi ndi pogona, zoperekedwa mwaulemu. Pamwamba pake pali thandizo la banja ndi mudzi. Kenaka pali uphungu wa anthu ophunzitsidwa, kwa amene avutika kwambiri. Pamwamba penipeni pali madokotala a za maganizo, kwa anthu ochepa amene vuto lawo ndi lalikulu. Popanda maziko, nsanjika zam'mwamba sizingaime. Munthu wanjala samva uphungu, ndipo bambo amene anali msodzi kapena mlimi koma tsopano amangodikira thumba la ufa amafooka mumtima. Kumupatsa kamunda, khasu ndi mbewu, kapena kuika mayi mu gulu la banki m'khonde, kumamubwezera ulemu wake.

Othawa ambiri ku Cabo Delgado sanakhale m'misasa. Analandiridwa m'nyumba za abale ndi anthu achifundo, mwakuti nyumba ya anthu asanu inkasunga anthu makumi awiri kapena atatu. Mabanja olandira alendowa nawonso amatopa, chakudya chimawathera, ndipo thandizo likamapita kwa alendo okha, nsanje imabuka. Wogawa thandizo aziganizira onse awiri.

Chinanso ndi ubale wa zipembedzo. Popeza zigawengazi zimadzitcha kuti zikumenyera Chisilamu, n'kosavuta kuti Mkhristu wovulala mumtima ayambe kuona Msilamu aliyense ngati mdani. Komatu madera a m'mbali mwa nyanja kumene chiwembu chinayambira ndi a Asilamu ambiri, ndipo Asilamuwo anaphedwa, kubedwa ndi kuthawa pamodzi ndi Akhristu. Chidani pakati pa zipembedzo ndicho chimene zigawenga zimafuna. Atsogoleri a mpingo ndi a mzikiti akamayendera limodzi ofedwa ndi kugawa limodzi thandizo, amakhala akuchiza mudzi.

Mawu oyenera kusamala nawo

Buku la Yobu likutiuza kuti abwenzi ake atatu anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula kanthu. Zinthu zinasokonekera pamene anayamba kumufotokozera chifukwa chimene wavutikira. Ifenso timalakwa kawirikawiri chifukwa chofulumira kulankhula. Kuuza mayi amene mwana wake anaphedwa kuti "chinali chifuniro cha Mulungu" ndi kuika pa Mulungu mlandu wa anthu oipa. Kunena kuti "limbani mtima, musalire" kumatseka njira ya misozi, makamaka kwa abambo, amene kenaka amakabisa chisoni chawo mu mowa ndi mu nkhanza za m'banja. Kunena kuti "thokozani kuti inu muli moyo" kumalasa munthu amene akudziimba kale mlandu chifukwa chopulumuka.

Wovulala mumtima angakwiyire Mulungu, angasiye kupemphera kwa kanthawi, kapena kuopa kulowa m'tchalitchi ngati chiwembu chinamupeza komweko. Asadzudzulidwe. Mphakati umupempherere ndi kupitiriza kumuyendera. Kukhululuka ndi chiphunzitso cha Ambuye ndipo sitingachichotse, koma ndi ulendo umene munthu amayenda mothandizidwa ndi chaulere cha Mulungu, ndipo sutheka pa tsiku limodzi. Wokakamizidwa kukhululuka bala lisanayambe kuuma amangovomera ndi pakamwa, ululu n'kutsalira m'kati. Ndiponso kukhululuka sikuletsa banja kufuna kuti choona chidziwike ndi kuti chilungamo chichitike.

Nthawi yopita kwa akatswiri

Katekisiti si dokotala, ndipo nzeru yake ili pa kudziwa polekezera. Munthu aperekezedwe kuchipatala mwamsanga ngati akulankhula zofuna kudzipha kapena kuvulaza ena, ngati akuona kapena kumva zinthu zimene ena sakuziona, ngati wasiya kudya ndi kudzisamala, kapena ngati sakutha kusamala khanda lake. Wolankhula zodzipha asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a mbewu, zingwe ndi zina zotere zichotsedwe pafupi naye. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizo amenewo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula.

Ngati papita mwezi woposa umodzi koma munthu akuonabe zoopsazo ngati zikuchitika lero, akupewa chilichonse chomukumbutsa, ndipo akukhala wodzidzimuka nthawi zonse mpaka kulephera ntchito zake, afunika uphungu wa akatswiri. Vuto limeneli limachizika. Mapiritsi ogonetsa monga Valium si yankho: malangizo a WHO a mu 2013 amaletsa kupereka mankhwala a mtundu umenewu kwa munthu amene wangokumana ndi zoopsa. Pemphero ndi chipatala sizitsutsana, monga m'mene timapempherera wodwala malungo kwinaku tikumupatsa mankhwala.

Othandiza nawonso ndi anthu

Ansembe, asisitere ndi makatekisiti ambiri a Dayosizi ya Pemba anathawa pamodzi ndi nkhosa zawo, ndipo akutumikira ali ndi mabala awoawo. Kumva nkhani zoopsa tsiku ndi tsiku kumatopetsa mtima. Wothandiza akayamba kusowa tulo, kupsa mtima msanga kapena kuuma mtima, adziwe kuti nthawi yopuma yakwana. Azigwira ntchito awiriawiri, azisinthana, ndipo azikhala ndi mnzake womuuza zakukhosi. Mutu umodzi susenza denga. Mu Ogasiti 2020 malemu Papa Francisco anaimbira foni Ambuye Luiz Fernando Lisboa, amene panthawiyo anali Episkopi wa Pemba, pofuna kuwalimbikitsa. Ngakhale mbusa wamkulu wa dayosizi amafunika womufunsa kuti wadzuka bwanji.

Nanga ife kuno?

Nkhaniyi si yakutali. Kumapeto kwa chaka cha 2021 zigawenga zinafika m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, chimene chinachita malire ndi dziko lathu. Akuluakulu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza akukumbukira m'mene Malawi analandirira anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Pa msasa wa Dzaleka ku Dowa pali anthu ambiri othawa nkhanza za magulu a zida ku Democratic Republic of Congo, ndipo bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likuwathandiza ndi maphunziro komanso uphungu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiyanso mabanja ambiri m'chigawo cha kumwera akulira maliro opanda mtembo. Zimene tafotokozazi zimagwira ntchito pa zochitika zonsezi.

Parishi iliyonse ingayambe pamene ili. Pa maphunziro a makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati pangakhale tsiku limodzi lophunzira thandizo loyamba la maganizo, poitana namwino wa za maganizo wa pa chipatala cha boma. Abale a chipani cha St. John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, ali ndi anthu odziwa ntchito imeneyi. Mtsogoleri wa mphakati aliyense adziwe kumene angatumize munthu wovutika. Ndipo pa Misa ya Lamulungu tisaiwale kutchula abale athu a mu Dayosizi za Pemba, Nacala ndi Lichinga m'mapemphero athu, pamodzi ndi onse amene akuwasamala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.